Mphindi 8 Pamadzi

Aliyense amene waona kaboti koyendera rimoti kwa nthawi yoyamba amafunsa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, "Kamathamanga bwanji?" Lachiwiri limabwera kabotiko katangokocheza: "Basi? Kathera pomwepa?" Ife amene timakumana kudziwe Lamlungu masana, ambiri mwa ife ophunzira, tinalizolowera funso lachiwirili, ndipo tikakhala tokha ndi limene timakanganirana kwambiri. Batire ndi chinthu chodula kuposa zonse m'kaboti ka wophunzira. Ena mwa ife tinachita kudula ndalama ya sopo kwa miyezi ingapo kuti tipeze limodzi lokha, choncho nkhani ya mphindi zimene limatipatsa sitiitenga mwachibwana.

Pachikuto cha batire pamalembedwa manambala amene amanyenga munthu wosazolowera. Titenge limene ambiri aife timagwiritsa ntchito, la mtundu wa LiPo, lolembedwa 3S, 11.1V, 5000mAh. Mawu akuti 3S akutanthauza kuti m'kati muli maselo atatu olumikizidwa motsatana, lililonse la 3.7V. Nambala ya 5000mAh ndiye kukula kwa ndowa: batirelo lingathe kupereka ma amp 5 kwa ola lathunthu. Koma ndowa siuza munthu kuti madzi atha liti. Chimene chimanena ndi kukula kwa bowo lomwe madziwo akutulukira, ndipo m'kaboti bowolo ndi mota. Mota yamphamvu yokoka ma amp 30 imakhuthula ndowa yomweyo m'mphindi 10.

Ngakhale mphindi 10 zimenezi ndi zapapepala. Selo la LiPo likadzaza limakhala pa 4.2V, ndipo silifuna kutsika kupitirira 3.0V. Likatsika chomwecho limawonongeka m'kati, nthawi zina limatupa ngati mandasi, ndipo silibwereranso mwakale. N'chifukwa chake oyendetsa maboti amenewa amagwiritsa ntchito magawo 80 pa 100 alionse a mphamvu yake n'kusiya yotsalayo. Pa 5000mAh, zathu ndi 4000mAh zokha. Kugawa ndi ma amp 30 aja, tikupeza mphindi 8. Kenaka batirelo limafuna pafupifupi ola lathunthu pachaja, poti njira yotetezeka ndi kulichaja pa ma amp ofanana ndi kukula kwake, kutanthauza ma amp 5. Ola limodzi lodikira, mphindi 8 zosangalala. Mnzathu wina wophunzira zowerengera ndalama amati palibe bizinesi ingayende pa masamu oterewa, koma Lamlungu lililonse amakhala woyamba kufika.

Nanga ma amp 30 amenewo timawadziwa bwanji, poti palibe angakwere m'kaboti ndi mita m'manja? Chaja ndiye mboni yathu. Timayendetsa kaboti kwa mphindi 6 ndendende, wina atagwira wotchi ya pafoni, kenaka timaika batire pachaja n'kuona kuchuluka kwa mAh zimene zabwereramo. Zikabwerera 3000mAh, ndiye kuti m'gawo limodzi mwa magawo 10 a ola tadya 3Ah, zomwe zikupereka ma amp 30. Manambalawa timawalemba m'kope limodzi lokhala ndi madontho a madzi tsamba lililonse. Kopelo lathetsa mikangano yambiri kuposa wamkulu aliyense pakati pathu.

Amene anayamba ndi timagalimoto ta rimoti amadabwa kuti batire lomwelo limakhalitsa pamtunda koma pamadzi limatha ngati mchere m'ndiwo za kuhositelo. Chifukwa chake ndi madziwo. Madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800, ndipo galimoto ukaisiya imapitirira yokha pamateyala ake, pomwe boti ukangochotsa chala limaima. Mota ya boti ilibe mpumulo, imakhala ngati ikukwera chitunda chosatha. Choipa kwambiri n'chakuti mphamvu yofunika simakwera mofanana ndi liwiro. Mwachidule, ukafuna kuthamanga kawiri, kukana kwa madzi kumakwera pafupifupi kanayi, ndipo mphamvu yofunika imakwera pafupifupi ka 8.

Zimenezi zinafufuzidwa kalekale ndi William Froude, injiniya wa ku England, amene m'zaka za m'ma 1870 ankakoka timaboti toyesera m'thanki yaitali ku Torquay kuti adziwe mmene sitima zenizeni zidzayendere. (Anamwalirira ku Simon's Town ku South Africa mu 1879.) Kuchokera ku ntchito yake tikudziwa kuti boti loyenda mogawa madzi, osati mouluka pamwamba pake, lili ndi malire a liwiro otengera kutalika kwake. Likamayenda limapanga funde, ndipo funde likatalika kufanana ndi botilo, boti limakhala ngati latsekeredwa m'dzenje lodzikumbira lokha. Kwa kaboti kotalika mita imodzi, malirewo ali pafupifupi makilomita 4.5 pa ola, liwiro la munthu woyenda pansi. Kukankha rimoti kupyola pamenepo kumangotukula mphuno ya kaboti, kukulitsa funde ndi kutentha batire. Timaboti ta mpikisano timathawa msampha umenewu pokwera pamwamba pa madzi, koma kuti tikwere timafuna mphamvu yochuluka, ndipo timaifunabe nthawi yonse imene tili pamwambapo.

Apa ndi pomwe gulu lathu linagawanika pawiri. Pali a liwiro, amene kaboti kawo kamang'amba dziwe pa makilomita 40 pa ola. Pali a phee, amene anapanga kasitima ka matabwa konyamula batire la mtovu la 12V, 7Ah, longa limene limakhala m'zipangizo zosungira magetsi a makompyuta. Batire limenelo limalemera makilogalamu oposa awiri, koma kasitima kotere kamafuna kulemera pansi kuti kasagubuduke, choncho kulemerako si vuto. Mota yake imakoka ma amp awiri okha. Papepala ndi maola atatu ndi theka, koma kwenikweni timapeza pafupifupi awiri, chifukwa 7Ah ija imayezedwa batire likamatsitsidwa pang'onopang'ono kwa maola 20. Ukalikoka mofulumira limapereka zochepa, zomwe wasayansi wa ku Germany, Wilhelm Peukert, anazifotokoza mu 1897. Komanso batire la mtovu silikonda kulikhuthula mpaka pansi.

Tsiku lina tinaika manambala a magulu awiriwa pambali ndi pambali. Kaboti ka liwiro kamadya 4Ah pa 11.1V, kutanthauza 44Wh, n'kuyenda makilomita oposa 5 pang'ono m'mphindi 8 zake. Kasitima ka matabwa kamadya ma amp awiri pa 12V kwa maola awiri, 48Wh, ndipo pa makilomita 4 pa ola kamayenda makilomita 8. Chakudya n'chofanana, koma wofatsayo wafika patali ndipo wakhala pamadzi nthawi yochuluka ka 15. A liwiro sanagonje. Amati sanabwere kudzayenda ulendo, anabwera kudzamva mtima ukugunda, ndipo pamenepo sitingawatsutse. Chimene ifeyo timakana ndi munthu wogula mota ya mpikisano kenaka n'kumadandaula kuti anamugulitsa batire lonama. Batirelo lapereka zonse zimene linalonjeza.

Yankho limene aliyense amathamangira ndi kugula batire lalikulu. Limathandiza, koma osati monga mmene munthu amayembekezera. Batire la 8000mAh ndi lolemera kuposa la 5000mAh, kaboti kamamira pang'ono, mbali yaikulu imakhudza madzi, ndipo mota imakoka zambiri kuti kakwere pamwamba. Zina mwa mphindi zomwe wagula zimathera kunyamula batire lomwelo. Phindu lotsika mtengo lili m'tinthu ting'onoting'ono. Pulopela yocheperako ndi mamilimita awiri kapena atatu imatsitsa ma amp mooneka, ngakhale imachotsako liwiro. Shafiti youma, yopanda girisi, imaba mphamvu mwakachetechete. Mawaya oonda ndi zolumikizira zolendewera zimasandutsa magetsi kukhala kutentha, ndipo ukakhudza waya n'kumva kuotcha, dziwa kuti mphindi zako zikuthera pamenepo. Koma mbala yaikulu pa dziwe lathu ndi udzu. Kaulusi kamodzi ka ndere kakazengereza pa pulopela, mota imalimbana nako mpaka kutentha. Amene anaona mmene namasupuni amavutitsira mumtsinje wa Shire angamvetse kuti chomera chofewa chimatha kugwetsa ulesi makina.

Poti LiPo ndi yodula ndipo siipezeka wamba, ena mwa ife timatola maselo a 18650 m'mabatire a malaputopu akufa. Dzinalo likuchokera pa kukula kwake: mamilimita 18 m'mimba, 65 m'litali. Ambiri a m'malaputopu akale anali a pakati pa 2000 ndi 2600mAh ali atsopano, ndipo anapangidwira kupereka magetsi modekha. Pa kasitima ka phee amagwira ntchito bwino. Pa kaboti ka liwiro ayi, amatentha ndipo mphamvu imagwa nthawi yomweyo. Chenjezo lina ndi la maselo a pamsika olembedwa 9900mAh. Maselo enieni a kukula kumeneku ochokera ku makampani odziwika amathera cha m'ma 3500mAh. Ukanyamula lonamalo m'dzanja umamva kupepuka kwake usanaliike n'komwe pachaja.

Chimene chimatichititsa kuwerengetsera mphindi mosamala chotere si ndalama zokha. Galimoto batire likatha imaima pomwe ungathe kukaitola. Kaboti kamaima pakati pa dziwe, ndipo mphepo imayamba kukakankhira kubango. Pamenepo mwini wake, poona miyezi yake ya ndalama ya sopo ikuyandama, amayamba kuvula nsapato. Tili ndi lamulo limodzi lokha losakambirana: palibe wolowa m'madzi chifukwa cha kaboti. Pansi pa dziwe pali matope amene sitikudziwa kuya kwake, ambiri aife kusambira n'kongoyerekeza, ndipo madzi odikha okhala ndi nkhono ndi kwawo kwa likodzo. Tili ndi mpira wa tenesi womangidwa ku chingwe cha mbedza, timauponya kupitirira kabotiko n'kukoka pang'onopang'ono. Ukakanika mpirawo, kasitima ka phee kamapita kukakankha mnzake, ndipo tsiku lotero a phee amayenda modzitukumula sabata yonse.

Kachipangizo kolamulira mota, kotchedwa ESC, kamatha kudula magetsi selo likatsika kufika cha m'ma 3.2V, koma ife sitikadalira. Kakadula, kaboti kali kale kutali. Timatchera belu la pafoni mphindi imodzi nthawi isanakwane, ndipo likalira kaboti kamalunjika kugombe ngakhale kakuoneka kuti kadakali ndi mphamvu. LiPo simafooka pang'onopang'ono ngati batire la tochi. Imakoka bwino mpaka pafupi ndi mapeto, kenaka imagwa mwadzidzidzi.

Tikabwerera, ntchito imakhala isanathe. Batire lotentha timalisiya lizizire tisanalichaje, ndipo timalichajira pasimenti, kutali ndi matiresi ndi mabuku, wina ali pomwepo, chifukwa LiPo ikagwira moto siizima msanga. Lotupa kapena lonyowa m'kati sitilibwezeranso m'kaboti. Magetsi akathima timalumikiza chaja ku batire la galimoto kapena la sola, poti machaja ambiri amtunduwu amalandira 12V. Ndipo mayeso akayandikira, pamene tikudziwa kuti padutsa masabata atatu kapena anayi osapita kudziwe, sitisunga mabatire ali odzaza kapena ali opanda kanthu. Timawatsitsa kufika pa 3.8V selo lililonse, n'kuwaika m'chitini chokhala ndi mchenga pamalo ozizira, kope lija lili pamwamba pake.