Ulendo wa ku Chembe Kukagula Boti

Sabata latha ndinaperekeza amalume anga ku Chembe, mudzi waukuru wa asodzi ku Cape Maclear. Kucokera ku Monkey Bay mseu ukhotakhota m'mapiri, ndipo mwadzidzidzi nyanja ioneka, cisumbu ca Thumbi ciri patsogolo.

Amalume anamva kuti kumeneko agulitsa boti laliwiro limene kale linkanyamula alendo. Ndarama zao anazisunga zaka zisanu ali ku Joni, cotero sitinapite kukasewera ai.

Botilo linali lokongola ndithu, lopakidwa utoto watsopano. Koma mkulu wina wokonza mainjini anati, "Bambo, utoto suyendetsa boti." Anagogoda kumbuyo kumene amangirira injini, napeza thabwa lace lobvunda. Anamasula kabauti ka kunsi, ndipo oilo wa giya anaturuka woyera ngati mkaka, kusonyeza kuti munalowa madzi. Ataliza injini, madzi oiziziritsa anangodontha pang'ono pang'ono.

Injiniyo inali ya mahosipawa 85. Yotere imamwa petulo ngati ng'ombe ya ludzu, ndipo zitsulo zace n'zosowa. Asodzi ambiri kuno akonda Yamaha ya 15 kapena 25, yosanganiza petulo ndi oilo, cifukwa amisiri oidziwa sasowa pa madoko.

Amalume anakhala cete nthawi yaitari, pakuti mtima wao unali pa liwiro. Potsiriza anagula boti lakale la matabwa ndi injini ya 25. Tinabwerera panyanja kufikira ku Monkey Bay, mwera ulikutimenya kumaso. Tinafika madzulo titanyowa ife tonse, koma injini sinazime ngakhale kamodzi.