Tikiti yaulere yopita kumudzi amalipira ndani?

Makhadi a ngongole opatsa mapointi a maulendo ndi nkhani yaikulu pakati pa ophunzira kuno ku America, makamaka ife amene kwathu n'kutali. Malonda ake ndi okoma m'khutu: tsegulani khadi, gulani zinthu za madola 4,000 kapena kuposerapo m'miyezi itatu yoyambirira, banki ikupatsani bonasi ya mapointi 60,000, mwinanso 100,000, ndipo mapointiwo mukasinthe ndi tikiti ya ndege. Kwa mwana wa konkuno, umenewo ndi ulendo wokawothera dzuwa ku Miami. Kwa ine amene ndatha zaka ziwiri osawaona amayi, imeneyo ndi Khirisimasi ya kumudzi. N'chifukwa chake nkhaniyi sindinaitenge mwachibwana. Ndinakhala pansi n'kuwerengera, ndipo ndaganiza zoti khadi lapamwamba sinditenga panopa. Ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake, poti ambiri a inu amene mukulemba makalata ofunsira sukulu kunja mudzakumana ndi malonda omwewa musanazolowere n'komwe kuzizira kwa kuno.

Choyamba ndivomereze kuti si bodza. Mapointi amagwiradi ntchito, ndipo njira yofikira kwathu ilipo. Mapointi a banki ya Chase amasamutsika kupita ku United kapena ku Aeroplan ya Air Canada. Makampani awiriwa ali m'gulu la Star Alliance limodzi ndi Ethiopian Airlines, imene imanyamuka ku Washington kupita ku Addis Ababa, kenako n'kudzatera ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Mapointi a American Express amapita ku Aeroplan komanso ku Flying Blue ya Air France ndi KLM, imene ili m'gulu la SkyTeam limodzi ndi Kenya Airways. Anthu amayendadi mwanjira imeneyi, ena mpaka kukhala kutsogolo kuja kumene mpando umasanduka bedi. Pali ngakhale nkhani yotchuka ya David Phillips wa ku California, amene mu 1999 anagula timakapu ta pudding toposa 12,000 pa madola pafupifupi 3,000 chifukwa kampani yake inkapereka mamailo a ndege kwa ogula, ndipo anapeza mamailo oposa 1.2 miliyoni. Nkhani zotere zimakopa chifukwa zimaonetsa munthu wamba atachenjerera kampani yaikulu.

Koma tiyeni tione mtengo wolowera. Chase Sapphire Reserve inatuluka mu August 2016 ndi bonasi ya mapointi 100,000, ndipo mwini khadi ankalipira madola 450 pa chaka. Anthu anailimbirana mpaka chitsulo chopangira makhadiwo chinatha, ena n'kuyamba alandira apulasitiki. Mkulu wa bankiyo, Jamie Dimon, ananena kuti khadilo lichepetsa phindu lawo ndi madola 200 mpaka 300 miliyoni m'miyezi itatu yomaliza ya chakacho. Banki siitaya ndalama zotere chifukwa cha chifundo. Mu 2020 malipiro a pa chaka anafika pa madola 550, ndipo mu 2025 anafika pa 795. Platinum ya American Express inali pa madola 550 mu 2017, inakwera kufika pa 695 mu 2021, kenako 895 mu 2025. Venture X ya Capital One, imene inabwera mu 2021, ndiyo yotsikirapo pa madola 395. Ndalama zimenezi mumalipira chaka ndi chaka, kaya mwakwera ndege kaya simunakwere.

Otsatsa amati musadandaule, ndalamazo zimabwerera kudzera m'zimene khadilo limakulipirirani. Zina n'zomveka, monga madola 300 a maulendo amene Sapphire Reserve imabweza chaka chilichonse. Zambiri n'zogawidwa tizidutswatizidutswa: madola 15 a Uber pa mwezi amene amapsa mwezi ukatha, ndalama zogulira zovala ku Lululemon, zodyera m'malesitilanti osankhidwa. Funso limene ndinadzifunsa pa chilichonse linali lakuti: popanda khadili, ndikanagula chinthu chimenechi ndi ndalama zanga? Pafupifupi paliponse yankho linali ayi. Ine ndimayenda pa basi, ndimaphika nsima yanga, ndipo sindinalowepo m'sitolo ya Lululemon. Kuchotseredwa mtengo pa chinthu chimene simumachifuna si phindu ayi. Kungokuphunzitsani moyo wa munthu wina, wolandira malipiro amene inu simulandira.

Masamu amene anandiimitsa kwenikweni ndi a bonasi ija. Wophunzira wa viza ya F-1 amaloledwa kugwira ntchito pa sukulu maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegulira. Tiyerekeze kuti akulandira madola 15 pa ola. Pa sabata ndi madola 300, ndipo pa masabata 13, imene ndi miyezi itatu, ndi madola 3,900 asanadule msonkho. Ndiye kuti ngakhale ataika malipiro ake onse pa khadi, osasunga ngakhale senti, sakufikabe pa madola 4,000. Apa m'pamene nzeru zokhota zimayambira. Wina amati lipira fizi ndi khadi, koma masukulu ambiri amawonjezera pafupifupi 3 peresenti ukalipira choncho. Wina amati tumiza ndalama kumudzi ndi khadi, koma mabanki nthawi zambiri amaziwerenga ngati watapa ndalama zenizeni: mapointi palibe, chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo. Chotsala n'kugula laputopu imene sumaifuna ndi nsapato zimene zikanadikira. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ukangolephera kubweza ngongole yonse pa tsiku lake, nkhani yatembenuka. Chiwongoladzanja cha makhadi a ngongole ku America chakhala chikupitirira 20 peresenti pa chaka kuyambira 2023. Ngongole ya madola 4,000 pa 22 peresenti imabala pafupifupi madola 73 mwezi uliwonse. Mapointi 60,000, tikawawerengera pa senti imodzi iliyonse, ndi madola 600. Pakatha miyezi isanu ndi itatu bonasi yonse yabwerera kumene inachokera, ndipo sitinawerengere malipiro a pa chaka aja. Kwathu tikamva za katapila timadziwa kuti n'zoopsa chifukwa wobwereketsayo timamuona nkhope, amabwera pakhomo n'kunyamula wailesi. Kuno amabwera ngati khadi lolemera lachitsulo m'kabokosi kokongola. Mu 2023 ngongole za makhadi m'dziko lonse la America zinapitirira madola 1 thililiyoni koyamba. Ambiri mwa anthu amenewo anayambanso ndi mtima woti azibweza zonse mwezi ndi mwezi.

Monga wophunzira za mbiri ndi chikhalidwe cha anthu, ndinazolowera kufunsa kuti chinthu chikakhala chaulere, thukuta lake ndi la yani. Wogulitsa tomato pa msika akakupatsa basela, umadziwa kuti watapa pa mulu wake womwewo. Nanga basela wa banki amachokera kuti? Gwero loyamba ndi sitolo. Nthawi iliyonse ukalipira ndi khadi la ngongole kuno, mwini sitolo amadulidwa pafupifupi 2 peresenti, ndipo makhadi apamwamba amadula kwambiri kuposa wamba. Sitoloyo imakweza mitengo kwa aliyense, kuphatikizapo mayi amene walipira ndi ndalama za m'manja chifukwa banki inamukana khadi. Mayiko a European Union anaika malire mu 2015 kuti ndalamayi isapitirire 0.3 peresenti pa makhadi a ngongole, ndipo Britain inatsatira lamulo lomwelo. N'chifukwa chake anzathu a ku Manchester kapena ku Dublin saona mabonasi onenepa ngati a kuno. Kumene sitolo sikudulidwa kwambiri, baselayo amaonda.

Gwero lachiwiri ndi anthu amene akulipira chiwongoladzanja. Akatswiri a zachuma anayi, Sumit Agarwal, Andrea Presbitero, André Silva ndi Carlo Wix, anafufuza maakaunti ochuluka a makhadi ku America n'kupeza kuti makhadi opatsa mphoto amasamutsa madola pafupifupi 15 biliyoni pa chaka. Ndalamazo zimachoka kwa anthu amene amagwa m'ngongole n'kupita kwa amene amadziwa kusewera masewerawa, kuchoka kumadera osauka ndi a anthu osaphunzira kwambiri kupita kumadera olemera. Apa mtima wanga unagawanika. Ndikakhala mmodzi wa ochenjera aja, mbali ina ya tikiti yanga yalipiridwa ndi munthu amene akutsuka mbale ku kafiteriya ya sukulu yathu. Sindikunena kuti aliyense wokhala ndi khadi lotere ndi wakuba. Mitengo ya m'sitolo inakwera kale, ndipo kukana kwanga sikungaitsitse. Koma mawu akuti "zaulere" ndinasiya kuwagwiritsa ntchito pa nkhani imeneyi.

Makampani a ndege nawonso sali m'masewerawa mwangozi. Kuyambira pamene American Airlines inakhazikitsa AAdvantage mu 1981, mamailo asanduka malonda paokha, ogulitsidwa ku mabanki. Delta inalandira madola 6.8 biliyoni kuchokera ku American Express m'chaka cha 2023 chokha. Mu 2020, ndege zitaima chifukwa cha Covid-19, United inabwereka madola 6.8 biliyoni ndipo chikole chake chinali pulogalamu yake ya mamailo, MileagePlus. Vuto kwa ife n'lakuti mwini ndalama zongopeka zimenezi ndi amenenso amaika mitengo. Delta inachotsa ndandanda yosonyeza mamailo ofunika pa ulendo uliwonse mu 2015, United inachita chimodzimodzi mu 2019, ndipo tsopano mtengo umasintha mmene kampani yafunira. Mipando yogulidwa ndi mamailo imakhalanso yochepa, makamaka mu December pamene tonse tikufuna kupita kwathu, ndipo misonkho ya tikiti umalipirabe ndi ndalama zenizeni. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mapointi amene ali mu akaunti akadali pachala.

Tisaiwalenso amene akutiuza nkhanizi. Masamba ambiri a pa intaneti olemba za mapointi, kuphatikizapo The Points Guy imene Brian Kelly anayambitsa mu 2010, komanso achinyamata a pa YouTube ndi TikTok ojambula ali m'chipinda chodikirira cha anthu olemekezeka pa bwalo la ndege, amalandira kangachepe munthu akatsegula khadi kudzera mwa iwo. Mnzako wa m'kalasi amene akukukakamiza kuti udutse pa linki yake nayenso amapatsidwa mapointi. Zimene akunena zikhoza kukhala zoona, koma wotsatsa malonda sayamba ndi kuipa kwa katundu wake.

Ndiye khadi lapamwamba limamuyenera ndani? Munthu amene zogula zake za masiku onse zimafika kale pa mlingo wa bonasi popanda kudzikakamiza. Amene amabweza ngongole yonse mwezi uliwonse ndipo ali ndi ndalama zapadera zoti zimuthandize ntchito itatha mwadzidzidzi. Amene amakwera ndege kangapo pa chaka, ndipo akudziwa kale ulendo umene akufuna, ndege imene adzakwere ndi mwezi wake. Munthu wotere ayeneranso kudziwa malamulo a masewerawa. Chase kawirikawiri imakana munthu amene watsegula makhadi asanu m'miyezi 24 yapitayo. American Express imapereka bonasi ya khadi lililonse kamodzi kokha kwa munthu, choncho kuthamangira bonasi yaing'ono n'kutaya yaikulu. Lamulo la CARD Act la 2009 limati wosakwana zaka 21 asonyeze kuti ali ndi ndalama zakezake zobwezera, apo ayi wina amusainire. Ndipo wobwera kumene alibe mbiri ya ngongole, ija imayezedwa ndi nambala ya FICO yoyambira 300 kufika 850, pamene makhadi apamwamba amafuna nambala yokwera.

Pa zonsezi ine ndikukwanitsa chimodzi chokha, kubweza pa nthawi yake. Choncho ndikhalabe ndi khadi langa la ophunzira losalipiritsa pa chaka, limene ndimagulira zakudya ndi kulipirira foni n'kulibweza lonse mwezi usanathe. Likundimangira mbiri imene idzafunike pofuna nyumba ya lendi ndikamaliza sukulu. Ndikadzapeza ntchito yokhazikika ndidzayang'ana kaye makhadi apakati, monga Sapphire Preferred ya madola 95 pa chaka, amene mapointi ake amasamutsikanso kupita ku United ndi Aeroplan. Za ulendo wa kumudzi, tagwirizana anthu anayi ochokera ku Malawi ndi ku Zambia kuchita chipereganyu cha madola 100 aliyense pa mwezi, ndipo ndikuwonjezera za ntchito ya tchuthi chachitali pamene lamulo limatilola kugwira maola onse. Ndidzakhala kumbuyo kwa ndege, mawondo atagunda mpando wa kutsogolo kuchokera ku Washington mpaka ku Addis Ababa. Ndikadzatsika pa Kamuzu International Airport, tikitiyo idzakhala italipiridwa kale yonse, ndipo January adzandipeza ndilibe ngongole.