Khutu la Amalume ndi Kabuleta ya Land Rover

Ndili mnyamata, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, m'mudzi mwathu ku Ntchisi munali galimoto imodzi yokha, Land Rover ya amalume anga. Inali Series III yaitali ija ya 109, yoyendera petulo, injini ya malita 2.25, ndipo anaigula itatopa kale ndi ntchito ku esiteti ina ya fodya. Inkanyamula mabelo a fodya, feteleza, odwala, akwati ndi maliro. Ine ntchito yanga inali kugwira tochi ndi kutsuka zitsulo m'beseni la palafini.

Pothamanga inalibe vuto. Matenda ake ankaonekera ikaima injini ikulira, chimene amakaniko amati idling. Tsiku lina inkanjenjemera mpaka boneti kuchita gwedegwede, tsiku lina inkalira mokwera ndi motsika ngati munthu wa befu, kenaka zii. Wa m'tauni anganene kuti nkhaniyo njochepa, ingolizaninso. Koma taganizirani muli potsetsereka kulowa mumtsinje nthawi ya dzinja, mwakokera kumbuyo chigiya chake chofiira, phazi mwalichotsa pamoto kuti galimoto izikwawa yokha pamiyala, kumbuyo kuli mayi wodwala. Injini ikazima pamenepo batire ili yofooka, wina ayenera kutsikira m'madzi ndi handulo kukapukusa kutsogolo. Ndinaonapo amalume akuchita zimenezo madzi ali m'mawondo, ndipo kuyambira tsiku limenelo kalilidwe ka injini yoima sindinakatengenso mopepuka.

Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti kabuleta ankaigwira pomalizira. Anthu ambiri galimoto ikangotsokomola amathamangira kupotokola masikulu a kabuleta, ndipo amasokoneza chinthu chimene chinali bwinobwino. Amalume ankayamba ndi matapeti, mpata wake 0.010 ya inchi. Akatero ankatsegula disitibyuta kuona mapointi, ngati apsa kapena mpata wake wachoka pa 0.015, n'kuonanso taimingi. Kenaka mapulagi onse anayi ankawayala pa chiguduli motsatana, mmene achokera mu injini. Pulagi yakuda bii ndi mwaye inkatanthauza kuti petulo wachuluka. Yotuwa mbuu, mpweya wachuluka. Yofiirira ngati chikonyo cha fodya wouma bwino, imeneyo ndiyo ankaimwetulira. Pansi pa pampu ya mafuta panali kambale kagalasi, ndipo ankakayang'ana pa dzuwa kuti aone ngati pansi pake padikha madzi kapena dothi.

Nthawi ina nditatopa ndi kuimirira ndinafunsa kuti, "Amalume, bwanji osangomasula kabuleta, poti vuto lili momwemo?"

"Wakuuza ndani kuti lili momwemo, mphwanga? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tamvera kaye mmene ikulirira."

Kabuleta yake inali Zenith 36IV. Anandiphunzitsa kuti phazi likachoka pamoto, kachitseko ka m'khosi mwa kabuleta kamatsala pang'ono kutsekeka, ndipo petulo sadzeranso njira yaikulu. Amadzera m'kajeti kakang'ono, kabowo kake kosaposa kunsonga kwa singano. Kachitsotso kamodzi kokha kakakhala pamenepo, injini imalira pokhapokha mwakoka choko kapena mwaponda moto. Kajeti kameneko ankakatsuka ndi petulo n'kukauzira ndi pampu ya njinga. Waya ankaletsa zolimba, chifukwa jeti ndi ya mkuwa wofewa, ndipo bowo likangokula silibwereranso.

Mdani wina anali mpweya wolowera pamalo posayenera: gasiketi ya pansi pa kabuleta itang'ambika, kapaipi kopita ku disitibyuta katathetheka, kapena kamtengo kamene kamatembenuza kachitseko kaja katadyeka mpaka kumagwedera. Amalume ankathira timadontho ta petulo m'malo amenewa injini ikulira, khutu lili tcheru. Kalilidwe kakasintha, ndiye kuti apeza pobooka. Njirayo njoopsa pafupi ndi manifodi yotentha, ndipo ine ankandiimika patali ndi ndowa ya mchenga.

Koma ntchito imene sindidzaiwala ndi ya chaka chimene galimotoyo inayamba kufuka utsi wakuda wowawa m'maso, mafuta n'kumatha ngati thanki yabooka. Anayeza fuloti, inali bwino. Kasingano kotseka mafuta kanali bwino. Atapotokola sikulu ya msakanizo mpaka kuitsekeratu, injini inapitirizabe kulira. Pamenepo anaimirira, n'kupukuta manja.

"Yatiuza yokha. Petulo akudzera njira ina yakuba."

Zenith imeneyi ili ndi chilema chodziwika. Kutentha kwa zaka zambiri kumapinda nkhope zimene zigawo zake zimakumanirana, ndipo kamphira kozungulira ka m'kati kamauma, petulo n'kumadontha molunjika kukhosi. Amalume anazula galasi limodzi pa zenera la kuchipinda kwawo, anayalapo sandipepa wosalala, n'kuyamba kukhutizapo chigawo chopindikacho mozungulira, pang'onopang'ono, kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka ng'ombe kubwera kuchokera kudambo. Akakhutiza pang'ono ankayang'ana pamene chitsulo chawala ndi pamene sichinakhudze. Kamphira katsopano kanachokera ku Lilongwe patatha sabata. Atamanga zonse anaiwotha injini kaye, kenaka anagwira masikulu awiri aja mosinthanasinthana, ya liwiro ndi ya msakanizo, kotala kotala, akudikira pakati kuti injini iyankhe. Itakhazikika anaika kapu ya madzi pa madigadi a galimoto. Madziwo ankangonthunthumira pang'ono, osatayika.

Zinthu zinasintha ndikuona. Kabuleta inayamba kutha m'galimoto zatsopano, m'malo mwake munabwera mainjekita ndi kompyuta yoyeza mpweya ndi mafuta payokha. Ku America, kuyambira 1996 galimoto iliyonse yatsopano inayenera kukhala ndi polumikizira makina ofufuzira matenda, chimene amati OBD-II, ndipo lero pafupifupi galimoto zonse zakale za ku Japan zimene zimatsikira ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe zili ndi kabowo kotere pansi pa chiwongolero. Yanga itayamba kuzimazima pa maloboti mu Lilongwe, mnyamata wa pagalaja sanatsegule n'komwe boneti poyamba. Analumikiza kachipangizo, nayang'ana pa foni, nati, "Bambo, ndi P0505 iyi, mbali ya idling." Anatsuka khosi la injini, nasintha kavalavu kamodzi, ola lisanathe ndinali pa msewu.

Sindinganame, zatsopanozi n'zabwino. Galimoto yanga imalira kamodzi ngakhale m'mawa wa June kukuzizira, popanda choko, popanda kukankha. Mafuta amene Land Rover ija inkamwa kupita ku Mponela ndi kubwera, ine ndimayendera masiku. Utsi umene tinkapuma tili ana sindikufuna kuti adzukulu anga aupume.

Komabe pali chimene chimandiwawa. Kabuleta inali chinthu choti munthu wa kumudzi, wokhala ndi masipanala ochepa, galasi la pazenera ndi mtima wodekha, ankatha kuchimvetsa chonse mpaka pansi. Sensa ikafa, yafa. Simungaikhutize pagalasi, muyenera kuitanitsa ina, ndipo galimoto imagona pabwalo mpaka ndalama ndi chitsulocho zitapezeka. Anyamata a masiku ano si opusa ayi, ambiri amadziwa zamagetsi zimene amalume sakanazitulukira. Koma ndaonapo ena akusintha zitsulo zitatu zotsatana chifukwa makina atchula dzina, pamene vuto linali kapaipi kothetheka kamene kankalira mluzu poyera. Makinawo amaloza dera limene kuli matenda, ndipo kufufuza kwenikweni kumatsalirabe munthu.

Land Rover ija inavutika komaliza m'nthawi ya kusowa kwa mafuta ya 2011 ndi 2012, pamene tinkagula petulo wa m'zigubu wosadziwika kumene wachokera. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene anayamba kumupanga ku Dwangwa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Galimoto ikakhala milungu osayenda, m'kambale ka fuloti munkadikha madzi ndi zoyera ngati phulusa. Amalume, maso atayamba kuchita khungu, ankatsukabe kajeti kaja mongopapasa. Anamwalira galimotoyo ili pamiyala kuseri kwa nkhokwe, pamene ilipobe.

Mwezi watha ndili kumudzi, mdzukulu wawo wina amene amayendetsa njinga yamoto ya kabaza anabwera akuikankha. Njinga zimenezi, pamodzi ndi majenereta ndi mapampu othirira m'madimba, zambiri zikadali za kabuleta. Anati imazima akangosiya moto, ndipo anali atagwira kale sikuludiraiva kuti ayambe kupotokola.

"Taima kaye," ndinamuuza. "Tamasula pulagi tione."

Inatuluka yotuwa mbuu. Tinailiza njingayo, tonse awiri tinagwada pambali pake, ndipo ndinamuuza kuti asendeze khutu pafupi ndi mphira wolumikiza kabuleta ku injini. Anakhala chete kanthawi, kenaka anatukula mutu.

"Amalume, pakumveka kamluzu apa."