Mayi uja sankapepesa ayi

Masiku atatu a ku Lincoln ndiwadumphe, inali misonkhano yokhayokha. Nkhani inayamba Loweruka, mphwanga amene akuphunzira kumeneko atanditenga pa galimoto kuti ndikaone Nebraska weniweni. Chimanga, ng'ombe, thambo, chimanganso. Munthu wa ku Dedza ngati ine maso amasaka phiri mpaka kutopa.

Ku Broken Bow tinaima kuti tithire mafuta. Mayi wa pakauntala atamva kuti ndine mlendo anayankhula mothamanga, ine n'kutolapo mawu amodzi okha: "sori". Anabwerezanso. Walakwanji mayiyu? Ndinamuuza mwaulemu kuti palibe chovuta, asadandaule. Mphwanga anaseka mpaka misozi. "Amalume, sakupepesatu. Akufunsa ngati mwaiona soddy."

Vuto ndi lilime la Aamerika. D wa pakati pa mawu amangomukhudza, n'kumveka ngati R wathu. Mawuwo achokera ku sod, dothi la pamwamba lolukana ndi mizu ya udzu, ngati chibuma cha kapinga chimene khasu limazula. Kamchira ka kumapetoko n'kosisita, monga ife tikati "kanyumba kanga". Soddy ndi nyumba yomangidwa ndi zibuma zoterezi.

Lamulo la Homestead Act la 1862 linkapatsa munthu maekala 160 akakhalapo ndi kulima zaka 5. Atsamunda anafika m'chigwa chopanda mitengo, chopanda miyala. (Amakonda kunena kuti munalibenso anthu, koma a Pawnee analipo, ndi nyumba zawo zadothi, mpaka anawasamutsira ku Oklahoma m'ma 1870.) Ndiye anatenga pulawo, n'kusenda dothi la pamwamba lija, n'kudula zidutswa zokhuthala ngati mainchesi 4. Ankaziyala ngati njerwa, udzu kuyang'ana pansi, popanda matope omatira. Nyumba imodzi inkadya pafupifupi ekala. Moseka umphawi wawo, zibumazo anazitcha Nebraska marble, ati mwala wonyezimira wa m'nyumba za mafumu.

Tinapita kufupi ndi Comstock, kumene kuli nyumba imene William Dowse anamanga mu 1900. Khoma lake, abale! Pazenera mwana akhoza kugonapo. Kunja dzuwa linkawotcha, koma mkati munali zii ngati mumtsuko. Zambiri sizinali zabwino chonchi. Za denga ladothi zinkapitiriza kudontha mvula itakata kale, ndipo amayi ankakhoma nsalu kudenga kuti mbewa ndi njoka zisagwere m'mbale.

Chinandigwira mtima ndi zithunzi za Solomon Butcher, amene anayamba kujambula mabanja a boma la Custer mu 1886. Ambiri anaima patsogolo pa soddy yawo, ndi matebulo, akavalo, ngakhale mavwende. Koma banja lina linatulutsa limba lopopa ndi mapazi, n'kukaliimika pabwalo kutali ndi nyumba, ziweto zili kumbuyo. Mayi wa pakhomopo sanafune kuti achibale akwawo aone kumene akugona. Lero anthu a ku Nebraska amatchula soddy akumwetulira, n'kutumizako alendo.

Ndinamuonetsa mphwanga chithunzicho, n'kumufunsa ngati akukumbukira tsiku limene tinkajambula agogo ake kumudzi. Agogowo anakana kwamtuwagalu kuima pakhonde la nyumba yawo ya mdindo, imene anaizira okha m'mawa womwewo. Anavala chitenje chatsopano n'kutitsogolera kukhoma la njerwa zowotcha la aneba.

Mphwanga anangoti duu. Kenaka anati chithunzi chimenecho n'chimene chili pa foni yake.