Foni Isanatsegulidwe

Ndimakonza mafoni pa kabenchi kanga mumsika wa Limbe. Anthu ambiri amene amabwera akudandaula za netiweki, mafoni awo amakhala abwinobwino. Amakhala atayimba kale ku kampani, auzidwa mawu amene sanawamve, ndiye n'kungoganiza kuti basi foni yafa.

N'chifukwa chake sindifulumira kumasula foni. Ndimayamba ndatulutsa SIM ya kasitomala n'kuiika m'foni yanga, yanga n'kuiika m'foni yake. Vuto likatsatira SIM, nkhani ili pa kakhadiko kapena ku kampani. Likatsalira m'foni, imeneyo ndiye ntchito yanga. Nthawi zina tizitsulo tachikasu ta pa SIM timangokhala tada ndi thukuta ndi fumbi. Ndikapukuta ndi spiriti, timizere ta netiweki timabwerera ndikuona. Zikakanika konsekonse, ndimafunsa anzanga a mabenchi oyandikana. Akati kwawonso yathawa, ndiye kuti ndi nsanja ya netiweki, mwina magetsi azima ndipo jenereta ya pamenepo sinalire. Apo munthu sindimulipiritsa kanthu.

Chimene chimandiwawa ndi kalankhulidwe ka othandiza makasitomala. Amayi ena ogulitsa usipa anafika atagula bandulo koma WhatsApp osatseguka.

"Mwananga, akuti chavuta ndi APN. Imagulidwa ndalama zingati?"

"Sigulidwa, amayi. Tabweretsani ndione."

APN ndi kadzina kamene kamalembedwa m'kati mwa foni, kouza foniyo khomo lolowera pa intaneti ya kampani yanu. Ndinalembamo, mauthenga n'kuyamba kugwa amayiwo ali chiimire. Akanapita kwa wosaopa Mulungu akanauzidwa kuti foni ikufunika kuflasha, ndalama n'kupita, zithunzi za adzukulu n'kufufutika. Wa ku kampaniyo sananame ayi. Koma amawerenga zolembedwa pa kompyuta yake, osaganiza kuti akulankhula ndi munthu amene ali pa phokoso la msika, manja ali mamba okhaokha.

PUK ndiye imaliza anthu. Mukalakwitsa PIN katatu, SIM imadzitseka n'kufuna PUK, nambala ina ya manambala 8, yomwe imalembedwa pa kapulasitiki kamene SIM inabweramo, kaja ambiri amataya tsiku lomwelo. Kasitomala wotere ndimamuletsa kulosera, chifukwa akaphonya ka 10 SIM yafa, ngakhale ine sindingaidzutse. Chotsala n'kukatenga ina ya nambala yomweyo, ndipo chiyambire 2018, pamene bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ilembetsedwe, a ku kampani amafuna mwiniwake ndi chiphaso chake cha unzika. Amene analembetsa pa chiphaso cha mlamu wake yemwe pano ali ku Joni, amaona zakuda, ndalama zake za mu Mpamba kapena Airtel Money zili m'nambala momwemo.

Mafoni ochokera ku Joni ali ndi yawoyawo. Ena amabwera okhomedwa kuti azingolandira SIM ya kampani ya komweko, ndipo wa ku kampani ya kuno sangawamasule chifukwa loko si wake. Ndisanalonjeze chilichonse, ndimayimba *#06# kuti IMEI ituluke, manambala 15 ozindikiritsa foniyo, ndifananize ndi olembedwa pa bokosi. Akasiyana, foniyo ndimaibweza kwa amene waibweretsa osaitsegula.