Mowa wanga woyamba ndaulembera kutentha kwa ku Feira

Pano pa Luangwa Boma mutha kulawa mowa wa maiko atatu tsiku limodzi. Kwathu kuli Mosi, kutsidya kwa Luangwa ku Zumbo kuli 2M ndi Manica, ndipo kuwoloka Zambezi kupita ku Kanyemba mupeza Zambezi Lager. Koma yonseyi ndi ma lager, ofanana ngati ana a mimba imodzi. Ine ndifuna pale ale, mowa woyera wowawa pang'ono, wonunkhira ngati khoko la lalanje. Popeza palibe ougulitsa kuno, ndiphika ndekha.

Ndalama zimene ndinasunga zakwanira kuphika kamodzi chabe: makilogalamu 2.5 a chimera cha balere, magalamu 100 a hops ndi kapaketi kamodzi ka yisiti. Zonse zayenda makilomita oposa 300 kuchoka ku Lusaka, ndipo ma hops anachita kuchokera kunja. Zikaonongeka, kuyesanso ndi chaka chamawa. N'chifukwa chake ndakhala milungu iwiri ndi kope ndi cholembera, moto ndisanakoleze.

Njira zambiri za pa intaneti zinalembedwa ndi anthu a ku America ndi ku Ulaya, amene ali ndi chipinda chozizira pansi pa nyumba. Yisiti yawo yotchuka, US-05, imagwira bwino pa madigiri 18 mpaka 20. Kuno mu Okutobala timapitirira 40, mpaka mbuzi zimabisala pansi pa milambe. Yisiti yotere ikatenthedwa, mowa umanunkha ngati mankhwala ochotsera penti, mutu n'kuwawa m'mawa. Firiji nayonso ndi bwenzi losadalirika magetsi akamazimazima.

Choncho chinthu choyamba kusankha chinali yisiti, osati ma hops. Ndatenga kveik ya ku Voss, imene alimi a ku Norway akhala akusunga mibadwo yambiri. N'zoseketsa kuti yisiti ya dziko lachisanu ndiyo yokonda kutentha: imawira bwino pa madigiri 35 mpaka 40, n'kumaliza m'masiku ochepa. Imandipulumutsanso pa vuto lina. Ndikachotsa poto pamoto, sindifunika kuziziritsa mpaka 18; bafa la madzi lingafikitse pa 38. Zoika poto mumtsinje iwalani, ng'ona za kuno sizidziwa nthabwala.

Chachiwiri ndi madzi. A pampopi amakhala ndi kolorini, ndipo ikalowa mumowa umamveka ngati mankhwala a kuchipatala. Ndiwaphika dzulo lake n'kuwasiya osavundikira usiku wonse.

Tsono njira yake ya malita 10 ndi iyi. Chimera ndichiviika m'madzi a madigiri 66 kwa ola limodzi, kuti ufa wake usanduke shuga. Ndikasefa, madzi otsekemerawo awira ola lina. Hop ndi wa mtundu umodzi, Cascade, amene anatulutsidwa ku Oregon mu 1972 n'kutchuka ndi Sierra Nevada Pale Ale. Lamulo lake n'losavuta: wowira nthawi yaitali amapereka kuwawa, wolowa mochedwa amapereka fungo. Magalamu 15 alowa poyamba, 20 kutatsala mphindi 10, 30 ndikazima moto, ndipo 35 otsalawo alowa m'chigubu mowa ukatsala pang'ono kumaliza kuwira. Mphamvu yake ifika cha m'ma 5 peresenti. Poika m'mabotolo, magalamu 6 a shuga pa lita iliyonse akwanira kubweretsa thovu. Mukapyola kwambiri, botolo limaphulika.

Ambuya, amene aphika mowa wa masiku asanu ndi awiri kuyambira ine ndisanabadwe, anagwira balere wanga m'manja, n'kutafuna njere imodzi.

"Iwe, ichi n'chimera chabe. Wachita kukagula ku Lusaka?"

Ananena zoona. Kumeretsa mbewu kuti itulutse shuga amakudziwa kale ndi mapira ndi chimanga. Chachilendo kwa iwo ndi chimodzi: mowa wawo umafuna kuwawasa, wanga umakuopa. Motero chigubu, supuni ndi botolo lililonse ziyenera kuphedwa tizilombo zisanakhudze mowa wozizira.

Anzanga akundikakamiza kuti ndithire masau, poti ndiwo dzina lathu kuno. Nane mtima umafuna, koma ndakana. Ndikasakaniza zambiri nthawi yoyamba, mowa ukakoma kapena kuipa sindidzadziwa chachititsa n'chiyani. Chimera chimodzi, hop mmodzi, yisiti imodzi: lilime langa liphunzire kaye zitatuzi. Masau adikire ulendo wachiwiri, sathawa. Mitengo yake ili paliponse.

Ndiphika Loweruka, kuyamba 4 koloko m'mamawa dzuwa lisanakwiye. Pakatha milungu itatu titsegula botolo loyamba. Kapu yoyamba ndi ya ambuya, ndipo iwo sadziwa kunyengerera munthu.