Liu Liri ndi Mwini Wace

Atate anga anali wotsogolera nyimbo m'calici ca kwathu, kufupi ndi Katete, kwa zaka zambiri. Pamene anamwalira sanatisiyire cuma cambiri, koma ng'ombe ziwiri, njinga yakale, ndi nyimbo zitatu zimene mlongo wanga anazijambula pa foni tsiku la ukwati wace. Nyimbo zimenezi amai azisunga koposa ng'ombe zija.

Caka catha, titasonkhana kumudzi kudzaika mwala pa manda ao, mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene watsiriza sukulu posacedwa, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe nati, "Amalume, ndingathe kuwaimbitsa agogo nyimbo yatsopano. Ndingopatsa kompyuta nyimbo zao zitatu zija, ndipo mawa mudzawamva alikuimba ciri conse cimene mufuna." Sindibisa, mtima wanga unadumpha ndi cimwemwe, pakuti ndinali nditalakalaka liu limenelo masiku onse. Koma titapita nayo nkhaniyo kwa amai, iwo anakhala cete nthawi yaitali, ndipo potsiriza anati, "Mwana wanga, atate ako anali kusankha okha nyimbo zao, ndipo zinalipo zimene anakana kuimba angakhale anthu awakakamize. Lero agona. Ndani adzawakanira?"

Mnyamata uja sananame. Makina amene achedwa AI amamvetsera liu la munthu m'nyimbo zace zojambulidwa kale, naphunzira kulemera kwace, mapumidwe ace ndi kanjenjemeredwe kace. Pambuyo pace munthu wina aimba nyimbo yace yace, ndipo makinawo aibveka liu la mwini uja monga munthu abvala malaya a mnzace. Ku sukulu ya mishoni tinaphunzira za Isake, nkhalamba yosaona, amene mwana wace anamnyenga ndi zikopa za mbuzi pa manja. Koma liu lokha linamkayikitsa nkhalambayo, cifukwa liu silinali kubwerekeka. Tsopano cimene Yakobo sanathe, mwana wa sukulu acita madzulo amodzi.

Ine ndine kalaliki wa Boma, ndipo tsiku ndi tsiku ndiona anthu alikusaina maina ao, ena alikudinda cala pa mapepala. Munthu akasaina dzina la mnzace, ngakhale alembe bwino cotani, timpereka kwa apolisi osazengereza. Cotero funso la amai linandisautsa: kodi liu la munthu, limene adziwika nalo ngakhale mumdima, liri locepa koposa dzina lolembedwa ndi inki? Ndinayamba kuwerenga za maiko kumene mlandu uwu unafika kale pa bwalo.

Mu Epulo 2023 munthu wobisa dzina, wodzicha Ghostwriter977, anaika pa intaneti nyimbo yomveka ngati aimba ndi Drake ndi The Weeknd, oimba ochuka a ku Canada. Anthu mamiliyoni anaimvetsera, kufikira kampani ya Universal Music Group inadandaula ndipo nyimboyo inacotsedwa. Awiriwo sanatsegule pakamwa nkomwe. Apa panaoneka mpata m'malamulo, pakuti malamulo a umwini wa nyimbo acinjiriza mau a nyimbo, maimbidwe ace, ndi cojambulidwaco. Koma wakuba wa mtundu uwu apeka mau ace ndi maimbidwe ace, nangotenga liu lokha.

Amene anayamba kutseka mpata uwu ndi lamulo lolunjika pa oimba ndiwo a cigawo ca Tennessee ku America, kumene kuli mzinda wa Nashville, likulu la nyimbo zija za magitala zimene makolo athu anazikonda pa wailesi. Kumeneko kunali kale lamulo la 1984 locinjiriza dzina, cithunzi ndi maonekedwe a munthu, limene linapangidwa cifukwa ca milandu ya anthu ogulitsa zinthu ndi nkhope ya Elvis Presley iye atamwalira mu 1977. Pa 21 Marichi 2024 Bwanamkubwa wa cigawoco, Bill Lee, anasaina lamulo latsopano lochedwa ELVIS Act, limene aphungu onse analibvomera popanda wokana, ndipo linayamba kugwira nchito pa 1 Julaye caka comweco. Lamuloli liika liu pamodzi ndi dzina ndi nkhope monga cuma ca munthu, kaya ndi liu lenileni kaya longofanizira. Wofalitsa liu la mnzace popanda cilolezo angathe kuzengedwa mlandu ndi kulipitsidwa. Comweconso wogawira anthu cipangizo cimene nchito yace yaikuru ndiyo kupanga liu la munthu wodziwika iye asanalole. Ndipo mwini akamwalira, ufuluwo utsala m'manja mwa olowa nyumba.

Wina adzati, "Nanga si kale lomwe ana amatsanzira liu la mphunzitsi kapena la mfumu, ife nkumaseka?" Inde, ndipo lamulo lija lasiya malo a nthabwala, a nkhani za m'nyuzi ndi a kudzudzula. Koma wotsanzira aima pamaso pathu ndi nkhope yace, ndipo tiseka cifukwa tidziwa kuti si mwini. Makina safuna kuti tiseke. Afuna kuti tikhulupirire.

Komabe sindinena kuti makinawo ndi oipa mwa iwo okha. Woimba wina wa nyimbo za ku Nashville, Randy Travis, anadwala sitiroko mu 2013, ndipo nthendayo inamlanda kulankhula ndi kuimba. Mu Meyi 2024 kunaturuka nyimbo yatsopano ya liu lace: James Dupré ndiye anayamba kuiimba, ndipo makina, ataphunzira pa nyimbo zakale za Travis, anaibveka liu la mwini. Iye ali moyo anabvomera, pamodzi ndi mkazi wace, ndipo dziko linauzidwa poyera m'mene nyimboyo inapangidwira. Mpeni ndi womwewo, koma m'manja mwa wina unaba, m'manja mwa wina unabwezera munthu cimene anataya. Kusiyana kwace kuli pa kupempha basi. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kuno kwathu tiri ndi lamulo la 1994 la umwini wa mabuku ndi nyimbo, limene licinjiriza wopeka ndi woimba. Koma linalembedwa makina awa asanaoneke, ndipo ndiyesa kuti nkoyenera aphungu athu ku Lusaka aliyang'anenso, pakuti woimba wa kalindula amene adyetsa ana ace ndi liu lace alibe maloya onga a Drake. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Ndipo inu anyamata ndi asungwana amene mwaturuka m'sukulu, makina awa ali m'matumba mwanu, osati mwa aphungu. Lamulo licedwa m'njira, koma ulemu suyembekeza lamulo. Musanaimbitse munthu nyimbo, mfunseni. Ngati sangathe kuyankha, funsani amene anatsala ndi dzina lace, ndipo akakana, lekani.

Ife tinaleka. Madzulo a tsiku lija tinakhala pa mphasa pakhomo, ndipo mnyamata uja, wa manyazi pang'ono, anatsegula foni. Tinamvetsera nyimbo zitatu zomwe zija. Pakati pa yaciwiri atate atsokomola, nayambanso mzere umene analakwa, ndipo kumbuyo kumveka mbuzi irikulira. Amai anaseka ndi misozi m'maso, nati, "Bwezera pomwepo, mdzukulu wanga. Amenewo ndiwo agogo ako."